Chitseko Chimene Chinalira pa Wailesi

Ntchito yanga ndi yokhala kuseri kwa galasi. Mukamamvera munthu akulankhula pa wailesi, dziwani kuti pali wina amene simumumva, wokweza ndi kutsitsa mawu, wolowetsa nyimbo, wolandira mafoni, komanso wokalipiridwa zinthu zikasokonekera. Ameneyo ndine. Kuntchito amanditchula Mayi Mabatani, ndipo ndinatopa nako kukana dzinalo.

Wailesi yathu ndi ya boma, yaing'ono, ya m'tauni mwathu momwemu. Situdiyo yake ndi kachipinda kopanda zenera, makoma ake omata kapeti yakale imene ikusendeka m'makona. Mpando wa muulutsi unathyoka tayala limodzi ine ndisanalembedwe ntchito, ndiye aliyense wokhalapo amalankhula atapendekera kumanzere. Tsidya la msewu kuli wailesi ya malonda, ya magalasi okhaokha, kumene anyamata amakuwa kuyambira m'mawa ngati nyumba ikupsa, ndipo nyimbo isanafike pakati amaidula kuti akuuzeni za matiresi otsika mtengo. Ndisaname, m'minibasi ndimawamvera, ndipo nthawi zina ndimaseka mpaka kupitirira siteji yanga. Kungoti ndikatsika sindikumbuka chimene ndimaseka.

Loweruka lililonse, hafu pasiti thuu masana, m'kachipinda kathu kaja mumalowa a Sipanala ndi chikwama chawo cha nsalu. Dzina lawo lenileni linatsalira m'mafayilo. Ndi bambo wa imvi, wamfupi, wa malaya opisira bwino. Pulogalamu yawo ndi Konzani Nokha, ndipo akhala akuulutsa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Pa zaka zimenezo, khumi ndi zinayi ndawatsegulira maikolofoni ndine. Amabwera ndi chinthu chenicheni chowonongeka, kaya mpopi wodontha, kaya loko, kaya pampu ya njinga, n'kuchiika patebulo, n'kumachikonza uku akulongosola. Ndiye kalankhulidwe kawoko, abale inu! Mawu amodzi, kupuma, mawu ena. Akati, "Tsopano masulani natiyo," amakhala chete kudikira kuti kunyumbako mumasuledi. Pa wailesi chete ndi tchimo lalikulu, moti chaka changa choyamba ndinkatuluka thukuta, chala chili pa batani la nyimbo. Kenako ndinazolowera. Tsiku lina mpopi wa kwanga ndinaukonza ndekha, ndipo amuna anga anandiopa sabata yathunthu.

Mavuto anabwera ndi bwana watsopano, amene anachokera tsidya la msewu lomwelo. Tinamutcha Bwana Phuma pa tsiku lake lachiwiri. Ndi wachinyamata, wa nsapato zosongoka, woyenda ngati wasiya mkaka pamoto. Sanali munthu woipa ayi, koma ankakhulupirira chinthu chimodzi: pulogalamu imene anthu saimbira foni ndiye kuti palibe akuimvera. Anakhoma bolodi yoyera pafupi ndi khomo, n'kulembapo mapulogalamu onse, ndipo Lolemba lililonse ankaika chiwerengero cha mafoni kuti aliyense aone. Ya moni ndi nyimbo, makumi asanu ndi limodzi. Ya mpira, zana. Konzani Nokha, dzira. Anatipangitsira kanyimbo kaphokoso, ka ng'oma ndi malipenga, kokuwa kuti "Imbani tsopano! Imbani tsopano!", n'kundilamula kuti ndizikalowetsa mphindi zisanu zilizonse. Lolemba lotsatira panabwera dzira lina, ndipo analijambula lalikulu kuposa loyamba.

Tsiku lomwelo anatiitana mu ofesi mwake, ine ndi a Sipanala.

"Madala," anatero, "ine ndimakulemekezani kwambiri. Agogo anga ankakumverani."

"Zikomo," anatero a Sipanala. "Ali bwanji?"

"Anamwalira. Ndiye mfundo yanga ndi imeneyo." Anagogoda tebulo ndi cholembera. "Loweruka likubwerali, theka la ola lonselo mulandire mafoni basi, osati zokonzakonza. Akakwana khumi, pulogalamu ikhala. Akapanda kukwana, ndili ndi anyamata awiri a podikasiti amene akuidikira nthawi imeneyo."

Anyamatawo ndinawamverapo pa foni ya mwana wanga. Amakhala pansi awiriwiri, wina n'kuyamba nkhani, mnzake n'kuyamba kuseka nkhaniyo isanafike pakati, woyamba uja n'kumaseka kuti mnzake akuseka, basi ola latha. Anthu amawakonda zedi, mwina vuto ndi makutu angawa.

Titatuluka, a Sipanala sanapite kunyumba. Analowa mu situdiyo, osayatsa getsi, n'kukhala pampando wopendekera uja, chikwama chili pamiyendo. Ndinawatsatira ngati ndikufuna kukulunga mawaya.

"Mayi Mabatani," anatero, "mundiuze zoona. Zaka zonsezi, kodi ndakhala ndikulankhula ndi inu nokha?"

Funsolo linandilasa mtima. Kuseri kwa galasi sitiona anthu, timangoona kasingano ka mawu kakugwedera. Ndiye ine chisoni chikandigwira chimasanduka mkwiyo, ndi mmene ndinabadwira.

"Akufuna mafoni khumi?" ndinatero. "Awapeza. Kwanu kuli anthu angati?"

"Atatu. Mayi akunyumba, mwana wathu namwino uja, ndi alamu anga amene anabwera kudzacheza masiku awiri chaka chatha."

"Akwana. Mayi katatu, namwino katatu, alamu anu kanayi."

"Limenelo si bodza?"

"Ndi bodza, inde. Mukuganiza kuti amene amaimba tsidya ilo n'kumakuwa kuti 'ndakusowani, ndakusowani' onse ndi alendo?"

Anakana kawiri. Kachitatu anangoyang'ana chikwama chawo, ine n'kudziwa kuti nkhani yatha.

Lachinayi nditaweruka ndinapita kwawo kukaphunzitsa anthu anga. Pabalaza pawo ndi paukhondo, mipando yoyala tinsalu toluka, wailesi yaikulu ili pa kabati pakati pa zithunzi. Ndinaona kuti mwendo umodzi wa tebulo unali wochirikizidwa ndi buku, ndiponso swichi ya getsi inali yomata pulasitala, koma poti ndinali mlendo ndinatseka pakamwa. Mayi akunyumba, amene ndi mphunzitsi wopuma, anandiona ndikuyang'ana zimenezo. Anandiyang'ananso, n'kukweza zikope pang'ono.

Namwino ndi mtsikana wofatsa ngati bambo ake, analandira mapepala ake a mafunso n'kuyamba kuloweza. Vuto linali alamu. Ndi mchimwene wa mayiwo, chimunthu chamimba, chimene chinasewerapo chisudzo kamodzi kusukulu ndipo sichinachire mpaka lero.

"Mukufuna mawu a mtundu wanji?" anandifunsa. "Ndili nawo asanu ndi awiri. Achisanu ndi chiwiriwo ndi a mzukwa."

"Muwerenge zimene zili papepala, basi."

"Luso silikhala papepala, mayi."

Ndinawasiya, n'kupereka lamulo limene aliyense wa ntchito yanga amapereka. Foni ikayandikana ndi wailesi yotsegula, mawu amazungulira n'kulira chimluzu chobaya m'makutu. "Choncho," ndinatero, "muzidikirira pabalaza pano, wailesi ikuuzeni kuti mwalowa. Mukangomva a Sipanala akuti halo, thawani, kalankhulireni kukhitchini, ndipo mutseke chitseko." Onse anagwedeza mitu. Kukhitchiniko ine sindinapondeko, tiyi anandibweretsera pomwe ndinakhala. Pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa.

Loweruka Bwana Phuma anabwera yekha kudzakhala pambali panga, cholembera m'manja, pepala pabondo. Kuseri kwa galasi a Sipanala anavala mahedifoni, nkhope ili ngati ya munthu wodikira jakisoni. Getsi lofiira linayaka. Anapereka moni, anatchula nambala, ndipo nthawi yomweyo kagetsi ka foni kanaphethira.

"Halo," anatero a Sipanala.

Kunamveka mapazi othamanga. Kenako: kwiiiiii... gu!

Chitseko, abale. Kulira kwake kunali kwautali, koyambira pansi n'kumakwera, kumapeto n'kukhota ngati chikufunsa funso. Kasingano kanga kanakafika pofiira. Pambuyo pake m'pamene anamveka namwino, akuti akuimba kuchokera kumapeto kwa tauni, ketulo yake yachita zoyerayera mkati, atani. A Sipanala anamuyankha bwinobwino, ine mtima n'kukhala pansi.

"Zikomo kwambiri," anatero namwino. "Koma mawu anu akumveka otopa. Mapiritsi a masana aja mwamwa?"

A Sipanala anatseka maso. "Ndamwa, mayi womvera."

"Mwaona?" anatero Bwana Phuma akundigunda ndi chigongono. "Omvera amafuna kukhudzana ndi muulutsi. Imeneyi ndiye wailesi!" Analemba kamzere koyamba.

Wachiwiri anali alamu. Pepala lawo linkati afunse za loko yolimba, koma iwo anabwera ngati dalaivala wa lole. "Ndili pamsewu, achimwene, makilomita mazana atatu kuchokera kumeneko!" anakuwa, uku akuliza injini ndi milomo. Kwiiiiii... gu! Anafunsa za loko, anasintha giya kawiri, anatukwana wanjinga amene kunalibe, n'kutsanzika ndi hutala.

"Malole a masiku ano ali ndi zitseko zachilendo," anatero bwana. Anakwinya pamphumi, koma kamzere analemba.

Wachitatu analinso alamu, tsopano ali gogo wa zaka makumi asanu ndi anayi wokhala kuseri kwa mapiri. Kwiiiiii... gu! Mawu anawaondetsa bwino ndithu, ndiwayamikire, mpaka pamene malovu anawatsamwa. Gogo uja anatsokomola ndi chifuwa cha bambo wa makilogalamu zana, n'kukuwa ndi besi kuti, "Iwe, tandipatse madzi!" Madziwo anabwera, ndipo tonse tinawamva akubwera: kwiiiiii... gu!

Bwana Phuma anaika cholembera pansi.

"Mayi Mabatani."

"Bwana."

"Kodi dziko lonseli linagula zitseko kwa kalipentala mmodzi?"

"Ndi nyengoyi, bwana. Chinyezi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ine ndinapeza batani lina loti ndilipukute. Wachinayi ndi wachisanu sindifuna n'kuwakumbuka komwe, ndingonena kuti mzukwa uja unaimbadi, ndipo nawonso unadzera pa chitseko chomwecho. Kuseri kwa galasi a Sipanala ankatsika pampando pang'onopang'ono. Chitseko chikalira ankamira pang'ono, chikaliranso n'kumira kwina, mpaka maikolofoni inawafika pamphumi. Munthu amachidziwa chitseko cha kwawo.

Wachisanu ndi chimodzi anali mayi akunyumba. Kwiiiiii... gu! Anayamba kuwerenga ndi mawu a m'kalasi, liwu lililonse palokha. "Funso langa ndi lakuti, kodi mpopi ukamadontha ngakhale titautseka mwamphamvu..." Kwiiiiii... gu! Amenewo anali alamu, awatsatira kuti awathandize kaimidwe ka mawu. "...ngakhale titautseka mwamphamvu, vuto limakhala..." Kwiiiiii... gu! Ameneyo anali namwino, wabwera kudzakoka amalume ake.

Kunamveka pepala likukwinyidwa.

"Ayi, ili ndalisiya," anatero mayiwo, ndipo mawu a m'kalasi aja anali atachoka. "Ndili ndi funso langalanga. A Sipanala, mukundimva?"

"Ndikukumvani, mayi."

"Ndili ndi chitseko cha kukhitchini. Mwachimva?"

"Ndachimva."

"Dziko lonse lachimva. Chakhala chikulira chonchi zaka khumi ndi chimodzi. Mwamuna wanga ndi mmisiri wodziwika, palibe chimene chimamukanika. Ndikamuuza amati, 'Ndichiona Loweruka.' Loweruka likafika amanyamula chikwama n'kupita kukakonza mipopi ya anthu osawadziwa. Tebulo laimira pa buku langa la masamu. Getsi la pabalaza timayatsa ndi pemphero. Ndiye ndimati ndifunse inu, poti mumadziwa zonse: chofunika kukonza ndi chitseko kapena mwamunayo?"

Mayo ine! Chala changa chinathamangira pa batani lodulira, koma bwana anandigwira dzanja. "Musadule," ananong'ona, maso ali tong'o. Mwana wa tsidya ilo akanunkhiza mkangano sausiya.

A Sipanala anadzikweza pampando, n'kukonza maikolofoni.

"Mayi," anatero, "mwamunayo ndi wolakwa. Za iyeyo mukambirana akabwera, ndipo asadzayankhe. Koma chitsekocho tingathe kuchithandiza pompano. Muli ndi mafuta ophikira pafupi?"

"Ndili m'khitchini. Mukuganiza kuti ndili ndi chiyani?"

"Tengani kasupuni. Yang'anani mahinjesi, tizitsulo timene chitseko chimazungulirapo. Alipo angati?"

"Atatu."

"Yambani ndi lapamwamba. Madontho atatu, pamwamba penipeni, kuti mafutawo atsike okha. Ndikudikirani."

Ndipo anadikiradi. Tauni yonse inamva mpando ukukokedwa, inamva mayi akuti, "Achimwene, tagwirani mpandowu, musangoima ngati mtengo," inamva alamu akufunsa ngati agwire monga dalaivala kapena monga iwo eni. Lapakati. Lapansi. A Sipanala sanafulumire ngakhale pang'ono, ankalankhula ndi akazi awo monga amalankhulira ndi aliyense, mwaulemu, sitepe imodzi kenako ina.

"Tsopano tsegulani ndi kutseka, mosathamanga."

Kwiiii... kwii... kwi... Kenako ziii. Kasingano kanga kanagona pansi.

"Chasiya," anatero mayiwo. Tinamva akuyesanso, kamphepo kokha n'kumveka. "Basi? Zomwezi?"

"Zomwezo."

"Mphindi ziwiri?"

"Mwina zitatu."

"Zaka khumi ndi chimodzi, abambo! Mphindi zitatu!" Anapumira m'mwamba. "Pobwera mugule buledi." Foni n'kuidula.

Bwana Phuma anaseka mpaka misozi, akumenya bondo. Kenako anapukuta m'maso, anatenga pepala la timizere lija n'kuling'amba pakati.

"Zaseketsa," anatero, "koma ndi chinyengo. Lolemba nonse awiri mu ofesi mwanga. Madalawa amalize mphindi zatsalazi, atsanzike bwino."

A Sipanala anaona pepalalo likung'ambidwa, ndipo sanafunike kuuzidwa. Anangogwedeza mutu kamodzi. Ine manyazi anandigwira mpaka m'mafupa. Ndinafuna kupulumutsa pulogalamu ya munthu, m'malo mwake ndinaipha ndi manja angawa, n'kumuvulanso pamaso pa tauni yonse. Ndikanakhala ndi kolowera ndikanalowa pansi pa tebulo la mabatani.

Kagetsi ka foni kanaphethiranso.

"Ameneyo ndiye msuweni?" anatero bwana.

Ndinayang'ana nambala. "Sindikumudziwa."

"Mulowetseni, timve chitseko."

Ndinamulowetsa. Panalibe chitseko. Panali mayi, ndipo anali atapsa mtima kale.

"Halo? Ndi pa Konzani Nokha? Ine chibadwire sindinaimbepo pa wailesi, lero ndaimba chifukwa zandikwana. Sabata yatha munatiuza kuti timasule simbi yamagetsi, tione waya wopsa. Ndinamasula. Musanatiuze kabwezeredwe kake, kanyimbo kopusa kaja kanalowa, nthawi n'kutha. Simbi yanga ili gada patebulo sabata yathunthu, tisikuluu tili m'kambale, ana ndawaletsa ngakhale kupuma pafupi. Amuna anga akupita kuntchito ndi malaya ngati atafunidwa ndi ng'ombe. Lero ndakhala pano ndi sikuludiraiva m'manja kuyambira thuu koloko, inu mukucheza ndi alamu anu!"

Zinali zoona. Kanyimbo kaja kanadya mphindi zambiri sabata imeneyo, ndipo ndine ndinawatsekera maikolofoni simbi ili pakati.

"Pepani, mayi," anatero a Sipanala. "Zimaoneka kuti poti anthu saimba foni, mwina kulibe amene akumvera."

"Tiimbe ndi dzanja liti? Lina lagwira sipanala, lina lagwira chinthucho. Ndipo tifunse chiyani, poti mumalongosola zomveka? Wofuna zoimbaimba apite tsidya ilo, kumeneko manja amakhala alibe ntchito. Tamalizani simbi, bambo, chonde!"

Asanadule n'komwe, timagetsi tonse tinayi ta mafoni tinayaka pamodzi. Pa Konzani Nokha sindinaonepo zimenezo, kena ndinkayesa kuti kanapsa kalekale. Ndinalowetsa nyimbo yofatsa kuti a Sipanala apumeko, n'kuyamba kuyankha mafoniwo kumbali. Bambo wina anati nayenso simbi yake ili yotsegula, ndipo mawa ali ndi ukwati wa mwana wake. Mayi wa saluni anati ali asanu pamenepo, simbi ziwiri, makasitomala akudikira ndi mitu yonyowa. Telala wina anangoti, "Auzeni alamuwo kuti gogo uja sanamutengere bwino." Wina anaimba kuti chitseko chake nachonso chasiya kulira, koma tsopano akuopa kuti apongozi azilowa osamveka.

Manja anga ndi awiri okha, ndiye Bwana Phuma anatola foni imodzi. Ndinkamva mawu a bambo wachikulire akutuluka mmenemo ngakhale ndinali patali.

"Ndinu bwana watsopano uja? Kanyimbo kanu kanandidzidzimutsa ndili pamakwerero. Mukufuna mutiphe?"

"Ayi, bambo... inde, bambo... pepani, bambo."

Anadula, foni n'kuliranso, anayankha, n'kukalipiridwanso. Chizolowezi ndi chovuta. Uku akupepesa, dzanja lake linkalemba timizere pa chidutswa cha pepala long'ambika lija. Chidutswacho chitadzaza anapitiriza pachikhatho. Oimba anafika makumi awiri ndi atatu, ndipo pafupifupi onsewo ankaimba kudzanena kuti mafoni asiye. Anayang'ana chikhatho chake, n'kuyang'ana ine. Sindinaonepo munthu atasokonezedwa chonchija ndi chiwerengero chake chomwe.

A Sipanala ankaona timagetsi tikuthwanima kudzera pagalasi. Anadina kabatani kolankhulira ndi ine ndekha.

"Mayi Mabatani, amenewo ndi a kwathu?"

"Ayi."

"Onsewo?"

"Palibe ndi mmodzi yemwe wa kwanu."

Anavula magalasi awo n'kuyamba kuwapukuta ndi kansalu. Anapukuta, anapukuta, magalasi oyera kale. Ine ndisabise, ndinalira. Ndinalira ndili ndi foni kukhutu, mayi wina akundiuza kuti ndilibe mwambo.

Kenako anawerama, n'kutulutsa m'chikwama mwawo kamtolo ka thaulo. Anakafunyulula patebulo: simbi yomasula, chivundikiro chake pambali, tisikuluu tili m'kabokosi ka machesi. Anauzidwa kuti asabwere ndi zokonzakonza, koma anainyamulabe. Anandikodola. Ndinatsitsa nyimbo, n'kutsegula maikolofoni. Wotchi ya pakhoma inkati kwatsala mphindi zitatu kuti ikwane fili koloko.

"Pepani nonse," anatero. "Sindimadziwa kuti mulipo ambiri chonchi." Anakokera simbi ija pafupi. "Amayi a simbi, ndi ena nonse amene zanu zili patebulo, tiyeni. Choyamba, onetsetsani kuti pulagi yazulidwa kukhoma."

Pa liwiro la a Sipanala, simbi imafuna mphindi khumi, ndipo fili koloko ndi nthawi ya nkhani. Wowerenga nkhani wathu ndi bambo wa tayi, wosachedwapo chiyambire ntchito, amene amakhulupirira kuti dzuwa limayendera wotchi yake. Anatulukira ndi mapepala ake kutatsala mphindi imodzi, anakonza kukhosi, n'kutambasula dzanja kuti atsegule situdiyo. Bwana Phuma, foni ikadali kukhutu, anapingasa mkono pakhomo.

"Bwana, nkhani," anatero wa tayi. "Fili koloko."

"Dikirani."

"Koma nduna yalankhula lero!"

"Ndunayo ili ndi simbi yotsegula patebulo?" anatero Bwana Phuma. Anakoka mpando ndi phazi n'kumukankhira. "Khalani pansi, madala amalize. Ndipo muzolowere, Loweruka lililonse zizikhala chonchi."